Akundidyetsa Ndani?

Lamulungu, 3 Novembala

Ngati kope lino lafika m'manja mwanu, mwina nanunso dokotala anakuyang'anani pamimba n'kukuuzani zimene anandiuza ine: "Tidule chifu." Mantha anu ndikuwadziwa. Si mpeni wokha ayi. Ndi kafunso kaja kamene munthu sakafunsa mokweza: kodi anthuwa akufuna kundichiritsa, kapena angondiona ngati nkhosa yonona ya pa chikondwerero? Inenso ndalowa nako muno kafunsoko, ndipo sindinakayankhe.

Ndine Wagdy, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku Mansoura. Zaka 49. Sikelo lero yanena makilogalamu 161. Shuga ndakhala naye zaka zisanu ndi zinayi. Mawondo anandikana kalekale, moti kalasi yanga anaitsitsira pansi chifukwa masitepe sindikweranso. Mkazi wanga Sawsan akuti ndikagona mpweya umaima mpaka iye andigwedeze.

Dokotala Seleem andigoneka muno kuti andikonzekeretse. Tsiku la opaleshoni aika Lachinayi pa 14. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, shuga wanga wa m'mawa akhale pansi pa 150 masiku atatu omaliza motsatizana. Chachiwiri, ndisaine pepala lovomera. Chimodzi chikalephereka ndibwerera kunyumba, ndipo mpata wina ndi wa chaka chamawa. Dokotala wa mtima sanandibisire mwezi watha: mtima wanga watopa ndi katunduyu, chaka chamawa ndi kutali.

Pepalalo lili m'kabati. Sindinasaine.

Lolemba, 4 Novembala

Shuga wa m'mawa: 244.

Tsiku la muno limayenda chonchi. Ikangotha swala ya m'bandakucha, namwino wathu, Mayi Afaf, amabwera ndi kamakina kobaya chala. Kenako sikelo, jakisoni wa insulini, ndi chimene akuchitcha chakudya cham'mawa: kapu ya yogati wosatsekemera. Masana msuzi wa nkhuku wopanda nkhuku. Madzulo mkaka wochotsa mafuta. Buledi ayi, nyemba ayi, mpunga ayi.

Ndifotokoze chifukwa chake, popeza ine chinthu ndikapanda kuchimvetsa sindichimvera. Chiwindi chimagona pamwamba pa chifu ngati bulangete. Cha munthu wonenepa chimadzaza mafuta n'kulemera. Dokotala ayenera kuchinyamula kuti afike pa chifu, ndipo chiwindi cholemera chimang'ambika msanga. Masiku khumi a zamadzimadzi amachiphwetsa. Shuga nayenso akakhala wokwera, chilonda sichipola. Izi n'zomveka, sindikuzikayikira. Amene ndikumukayikira ndi munthu amene anandifotokozerayo. Amalankhula mosalala kwambiri, ngati anyamata ogulitsa mafoni.

Bedi loyandikana ndi langa kuli a Zaghloul, ogulitsa nsomba mumsika, amene adulidwa chala chachikulu cha kuphazi chifukwa cha shuga yemweyu. Atangondiona anati, "Aphunzitsi, bedi limodzi likukwanani, kapena ndikusendezereni langali?" Ndinawauza kuti asamale, ndikangogudubuzikira kwawoko nsomba zawo zikhala zamasiye. Anaseka mpaka kutsamwa. Koma maso awo sachoka pa thireyi yanga. Ndikuganiza kuti amakanena kwa anamwino.

Nthawi ya alendo, 4 koloko, kunabwera achemwali anga aakulu, a Ehsan, amene anandilera. Anali atasenza dengu la nkhunda zoikamo mpunga m'mimba. Fungo linafika iwo asanafike. Mayi Afaf anawaimitsa pakhomo.

"Izi sizilowa, mayi."

"Mukufuna mwana afe ndi njala m'chipatala?"

"Mwana wake uti?"

"Uyo apoyo!" anatero achemwali, akuloza ine.

Dengu linabwerera. Inalowa ndi fulasiki yokha ya helba, tiyi wathu uja wa mbewu zachikasu. Achemwali anatulutsa kabotolo ka timapiritsi totsekemera ta odwala shuga n'kukagwedeza pamphuno pa namwino. "Ndaikamo timeneti. Kapena nato ndi tchimo?" Mayi Afaf analola. Ndamwa makapu atatu, mtima wakhala pansi.

Lachiwiri, 5 Novembala

M'mawa: 238. Sikelo: 160.

Andilowetsa kapaipi ka kamera kukhosi kukaona m'chifu. Akuti mulibe zilonda. Kukhosi kukuwawa.

Dokotala Seleem anajambula papepala zimene adzachite: mabowo asanu ang'onoang'ono pamimba, chifu adzachidula m'litali, magawo anayi mwa asanu adzachotsa, chotsala chidzakhala ngati nthochi. Ndinafunsa, "Nanga ndikadzachifuna?" Anati, "Sichibwerera, aphunzitsi. N'chifukwa chake pepala lija musaina nokha."

Yankho loona. Koma wakuba wochenjera nayenso amanenako zoona zingapo.

Helba wa achemwali wandifewetsa kukhosi.

Lachitatu, 6 Novembala

M'mawa: 241.

Dokotala anayang'ana nambalayi nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, munthu amene wakhala masiku atatu pa yogati ndi msuzi shuga wake satero. Mukudya chiyani?"

"Zimene mukundipatsazi."

"Basi?"

"Adokotala, ine ndimagwira ana obera mayeso. Sindine wobera."

Anawonjezera insulini n'kupita. Posakhalitsa Mayi Afaf anabwera kudzachita chipikisheni m'kabati mwanga. Anatulutsa malaya, masilipasi, kope lino ndi pepala losasaina lija. Anavundukula ndi pilo yemwe.

"Anesi, mukufuna kolakwika," anatero a Zaghloul. "Tukulani mimbayo. Pansi pakepo mbuzi yathunthu ikhoza kubisala, ndi ana ake omwe."

Wodi yonse inaseka. Ine sindinaseke. Masiku atatu osakhudza buledi, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire, malipiro ake kusechedwa ngati mbava.

Ndiye nanenso ndayamba kufufuza. Ngati sindikuba ine, wina akundibera. Okayikitsa ndi awa: kamakina ka Mayi Afaf, msuzi wa kukhitchini, ndi dokotala mwini wake. Kodi sangafune kuti ndichite mantha ndi manambala kuti ndisaine msanga? Mwamwayi helba wa achemwali wanditonthozako madzulo ano.

Lachinayi, 7 Novembala

M'mawa: 236. Sikelo: 159.

Mu sayansi timati ukafuna kudziwa chimene chikuyambitsa vuto, yesa chinthu chimodzichimodzi. Ndinapempha Mayi Afaf kuti abwereke kamakina ka kuwodi ya amayi, andibaye ndi tonse tiwiri. Anapukusa mutu koma anachita. Kena 236, kena 239. Makina alibe mlandu. Ndinawerenga chikutu cha yogati chilembo ndi chilembo: mulibe shuga. Msuzi ndinawalawitsa a Zaghloul. Anati, "Umu mulibe shuga, mulibe mchere, mulibe chifundo."

Sawsan anaimba foni pa nthawi yopuma kuntchito kwake. "Wagdy, ndiuze zoona, sukutuma munthu kukagula buledi?" Ndinadula foni. Mkaziyu opaleshoniyi akuifuna kuposa mwini mimba. Zimenezonso ndazilemba pa mndandanda wa zokayikitsa, ngakhale ndikudziwa kuti amene amadzuka kudzandigwedeza ndi iyeyo.

Madzulo achemwali anapeza chojambula cha dokotala chija pa kabati. Anachitembenuza uku ndi uku.

"Kanthochi aka n'chiyani?"

"Chifu changa, akatha kudula."

"Zaka makumi anayi ndikumanga, iwo agwetse ola limodzi?"

Ndiyenera kufotokoza kuti muwamvetse. Mayi athu anamwalira ine ndili wakhanda. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri bambo analowa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'mimba, ali owonda ngati bango, ndipo sanadzuke. Achemwali anali ndi zaka 18. Anabweza amuna awiri owafunsira kuti andilere. Mpaka lero amanena kuti bambo akanakhala ndi thupi akanaupirira mpeni. Kuyambira pamenepo mbale yanga sinaonekepo pansi pake. Ndikalephera mayeso, bakha. Ndikakhoza, bakha.

Anandithirira helba n'kundiyang'anira mpaka ndinamaliza kapu yachiwiri. Mawa sabwera, Lachisanu lililonse amapita kumanda kukaona bambo.

Lachisanu, 8 Novembala

M'mawa: 239.

Andipatsa kachipangizo ka timipira titatu koti ndizikoka mpweya kuti mapapo atseguke. Ndikukweza kamodzi kokha. A Zaghloul akuti mwana wa mphaka angakweze tiwiri.

Sawsan anabwera ndi botolo la madzi basi. Sitinalankhule zambiri. Mutu ukuwawa, ndakalipira munthu wokolopa popanda chifukwa. Tsiku loipa kuposa onse.

Loweruka, 9 Novembala

M'mawa: 146!

Mayi Afaf anandibaya kawiri kuti atsimikize. Dokotala anamwetulira koyamba.

"Dzulo mwasintha chiyani, aphunzitsi?"

"Palibe. Ndi insulini munawonjezera uja, wayamba kugwira."

Ndinawafotokozera mmene mankhwala amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, ngati kuti iwo sanapite kusukulu. Anangoti, "Mwina." A Zaghloul anatsokomola katatu, chifuwa alibe. Dokotala atachoka ndinawafunsa chimene chikuwavuta. Anati, "Ine ndine wa nsomba chabe, aphunzitsi. Ndimangodziwa kuti ikanunkha, fungo limachokera m'dengu lako lomwe." Munthu wodulidwa chala amafuna aliyense adulidwe kanthu.

Achemwali anabwera, anandigwira masaya n'kunena kuti tsiku limodzi lokha ndafota ngati masamba a dzana. Ndinawauza za 146. Anati, "Waona? Mapemphero a kumanda." Tinakondwerera ndi helba. Makapu anayi.

Lamulungu, 10 Novembala

M'mawa: 233.

Lero dokotala sanalankhule mosalala. Anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Aphunzitsi, ine shuga wotere sindidula. Mukhoza kusaina mapepala khumi, sindidula. Chilonda cha m'chifu chikapanda kupola, chimadontha m'kati, ndipo amene akauze achemwali anu ndi ine. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi m'mawa: pansi pa 150. Kupanda apo Lachinayilo mukwera minibasi."

Atapita ndinakhala ndikuganiza. Munthu wongofuna kudula akanandidula kale pa 240. Ndiye pa mndandanda wanga dzina lake ndalifufuta ndi pensulo, osati ndi inki.

Kenako ndinachita chimene ndimauza ana anga a sukulu tsiku lililonse: werenga zimene walemba wekha. Ndinatsegula kope lino kuyambira Lolemba. Tsiku lililonse lili ndi nambala pamwamba, ndipo madzulo aliwonse ndinamwa chinthu chimodzi, kupatula Lachisanu. Ndinatseka kope. Ndinalitsegulanso. Sizinasinthe.

Achemwali atabwera ndinawauza kuti m'mimba mukuvuta, ndimwa ukazizira. Anandiyang'ana ndi diso limodzi koma anasiya fulasiki. Atangotuluka ndinatenga zivindikiro ziwiri za yogati. Pa china ndinadonthezapo helba wa m'fulasiki. Pa chinacho ndinasungunulapo timapiritsi tiwiri totsekemera tija m'madzi. Zonse ndaziika pawindo, pamene pamadutsa kanjira ka nyerere. Timapiritsi timeneti timanamiza lilime la munthu, koma nyerere sizinamizika: mulibe chakudya, sizitifuna.

A Zaghloul anaonerera zonse. "Mboni zanu n'zazing'ono, aphunzitsi, koma ziphuphu sizilandira."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinamwe.

Lolemba, 11 Novembala, m'mawa

158.

Chivindikiro cha timapiritsi chili mbee. Cha helba chada bii ndi nyerere, zina zafera momwemo.

Ndilembe zoona, popeza kope ndi langa. Sindinadabwe. Timapiritsi tija ndatimwa zaka zisanu ndi zinayi, ndikutidziwa: timasiya kakuwawa kumbuyo kwa lilime. Helba wa achemwali analibe kakuwawa kameneko. Anali wolemera, wofewa, wotsika bwino, ndipo lilime langa linamuzindikira pa kapu yoyamba ya Lolemba lapitalo. Ndinaimba mlandu makina, msuzi, dokotala, mkazi wanga ndi munthu wa nsomba, kuti ndisafunse mboni imene inali m'kamwa mwanga momwe.

Lolemba lomwelo, madzulo

Anabwera 4 koloko ndi fulasiki ina. Ndinali nditasunga chivindikiro chija.

"Achemwali, mu helbayu mumaikamo chiyani?"

"Helba."

"Ndi chiyaninso?"

"Madzi. Ukufuna mukhale chiyani, ng'ona?"

Ndinawaonetsa nyerere. Anaziyang'ana, kenako anakweza chibwano.

"Uchi si chakudya, iwe. Uchi ndi mankhwala, dziko lonse likudziwa. Sukulu yonse ija sanakuphunzitse?"

"Masipuni angati?"

"Asanu. Ndi wakuda wa nzimbe uja pang'ono, wowonjezera magazi. Ukufuna ukagone pansi pa mpeni ndi madzi a nkhuku okha m'mitsempha?"

Ndinayamba kuwafotokozera za chiwindi, za bulangete, za chilonda chosapola. Sanamve ndi limodzi lomwe. Anatsegula fulasiki, anadzaza kapu, anaiika m'manja mwanga n'kufumbatitsa zala zanga ndi zawo.

"Ndalumbira pali Mulungu Wamkulu, kapu iyi umwa."

Aliyense muno akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Munthu akakulumbirira chotere sukana, chifukwa ukakana lumbiro limathyokera m'manja mwake, ndipo mlandu umakhala pa iye pamaso pa Mulungu. Ndani angasenzetse mlongo wake katundu wotero chifukwa cha kapu imodzi? Ndi mmene zakhalira moyo wanga wonse: paukwati, pamaliro, patebulo la achemwali. Theka la makilogalamu angawa ndi malumbiro a anthu ondikonda.

Nthunzi inkandilowa m'mphuno. Kapu imodzi, mawa 200, Lachinayi minibasi.

Ndinaiika pa kabati.

"Sindimwa, achemwali."

"Wati chiyani?"

"Sindimwa."

"Bambo analowa m'malo ngati ano m'mimba mulibe kanthu," anatero. "Ndinawapempha kuti adyeko kanthu, anakana. Ndinawasiya. Iwe sindikusiya."

"Bambo sanafe ndi kuwonda. Koma ine kunenepaku kukundipha, ndipo mukudziwa. Mukufuna Lachisanu muziyendera manda awiri?"

Mawu amenewo ndikanatha kuwameza ndikanawameza. Anakhala pampando ngati awamenya. Anakoka mpango kuphimba nkhope.

Amene anatsegula pakamwa ndi a Zaghloul, ndipo koyamba analankhula mofatsa. "Mayi, musalire. Lumbiro likathyoka lili ndi dipo lake, mukulidziwa bwino: kudyetsa osauka khumi. Pagetipo pali anthu ochokera kumidzi, akugona pa makatoni kudikirira odwala awo. Ndi oposa khumi." Kenako chizolowezi chinawagonjetsa. "Ndipo woyamba pa mndandanda mulembe ine, umphawi wanga uli ndi mboni."

"Khalani chete inu, a nsomba zowola," anatero achemwali. Ananyamuka osanditsanzika. Fulasiki anaisiya. Ndinapempha Mayi Afaf kuti akaikhuthule, ndipo ndinawauza chifukwa chake. Sananene kuti "ndinadziwa." Mulungu awadalitse.

Lachiwiri, 12 Novembala

M'mawa: 143. Sikelo: 156. Loyamba mwa masiku atatu.

Dokotala wogonetsa anandiyang'ana kukhosi n'kundifunsa za mkonono. Ayamba kundibaya jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Timipira ndakweza tiwiri.

Ndinaimbira Sawsan kumupepesa. Anati, "Ndiye wakuba wapezeka?" Ndinati apezeka awiri, wina ndi amene ukulankhula nayeyu.

4 koloko inakwana. Alendo a ena analowa. Ndinayang'ana pakhomo mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Foni yawo ikungoitana.

Nambala yabwino, tsiku lowawa.

Lachitatu, 13 Novembala

M'mawa: 137. Masiku awiri mwa atatu akwana.

Anandijambula pamimba. Chiwindi chaphwako, osati mmene akanafunira, koma akuti chinyamulika.

Itatha swala ya masana ndinamva a Zaghloul akukuwa ali pawindo, atatsamira ndodo. "Aphunzitsi, dzukani mudzaone ukwati pageti!"

Ndinadzikoka. Pansipo, pambali pa geti, panali kagalimoto ka matayala atatu, ndipo wina ankatsitsa miphika ikuluikulu. Pakati pa miphikayo panali achemwali, manja a diresi atapinda, chipande m'manja. Anthu a pa makatoni aja anali atakhala mozungulira. Ngakhale ndinali pa nsanjika yachitatu ndinkaona bwinobwino zimene zinkachitika: munthu akaphimba mbale ndi dzanja kuti wakhuta, iwo ankachotsa dzanjalo n'kuthiramo china. Mlonda wa pageti anapita kukawathamangitsa. Patapita kanthawi ndinamuona atakhala pansi, mwendo wa bakha uli m'manja.

"Anesi!" anakuwa a Zaghloul. "Nditsitseni, dzina langa lili pa mndandanda!" Mayi Afaf anawauza kuti zala zakuphazi zatsala zisanu ndi zinayi, asankhe okha.

Achemwali anakwera 4 koloko, akununkhira anyezi wokazinga, m'manja mulibe kanthu. Anakhala pampando osandiyang'ana.

"Anali angati?" ndinafunsa.

"Makumi atatu ndi mmodzi, kuphatikizapo mlonda."

"Lumbiro linali limodzi. Dipo lake ndi anthu khumi."

"Ndikudziwa kuwerenga, sindinaphunzitsidwe ndi iwe. Enawo ndi a malumbiro amene uthyole kutsogoloku. Ndaona kuti wayamba mwano."

Ndinawagwira dzanja n'kulipsompsona. Ndinati mawu a manda aja andikhululukire. Anati amenewo adzandikhululukira ndikadzuka, ndiye ndidzuke.

"Pali mayi wina pansipo," anatero patapita nthawi, "wa kumudzi kutali. Mwamuna wake ali muno sabata yachitatu. Wadya ngati munthu amene anaiwala kuti chakudya chimakhala chotentha." Anapukuta m'maso. "Lachisanu ndikachoka kumanda ndizidzera pano."

Kenako anafunsa chimene ndinkadziwa kuti afunsa. "Ukatuluka uzidya chiyani?"

"Masabata awiri oyamba zamadzimadzi. Msuzi wosefa, masipuni ochepa, pang'onopang'ono."

"Ndiphika ine. Wa Sawsan uja ndi madzi otsukira mbale."

"Wopanda uchi."

"Ndalumb..." Anadzigwira pakamwa ndi dzanja lawo lomwe. "Wopanda uchi."

Ndinatulutsa pepala lija m'kabati. Ndinaliwerenga lonse, ndi tizilembo tating'ono tomwe: kutaya magazi, kudontha kwa chilonda, mavitamini a moyo wonse, ndi mzere uja wonena za imfa. Mantha sanathe. Koma tsopano ndikuopa zinthu zimene zilipodi, osati zimene ndinapeka kuti ndisamve lilime langa. Ndinasaina achemwali akuona. Anatembenukira kukhoma, koma cholembera sanandilande.

Lachinayi, 14 Novembala

M'mawa: 129. Sikelo: 155. Atatu akwana.

Sindinamwe kanthu, ngakhale madzi. Andiveka chovala chotseguka kumbuyo, ndipo a Zaghloul apempha kuti ndisawafulatire, akuti avutika kale mokwanira. Sawsan ali kumutu, achemwali ali kumiyendo, akukangana za bulangete. Timipira ndakweza tonse titatu, kamodzi.

Akuti machira afika 9 koloko. Kope ndilisiya kwa Mayi Afaf, apatse amene adzagone pabedi lino ndi pepala losasaina m'kabati.

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti mudulitse chifu kapena ayi. Ine mwini sindikudziwa mmene ndidzukire. Ndingokupemphani kanthu kakang'ono. Tengani kope ndi pensulo. Kwa masiku atatu okha lembani chilichonse cholowa m'kamwa mwanu, ndipo pambali pake mulembe dzanja limene lakupatsani. Tsiku lachinayi muwerenge nokha, mofatsa, osakwiyira munthu. Mukapeza kuti dzanjalo ndi la munthu wokukondani, mulipsompsone, koma kapuyo muiike pansi. Pageti pali anthu.